Nyimbo ya Waya

Simlemba, 9 Juni

Mlongo wanga Dominic,

Moni wochokera kuno kumudzi. Ife tilipo, kupatula amayi amene miyendo yawayambanso ndi chisanu chino. Kaya iwe ndi mlamu wanga Lusiya ndi ana muli bwanji ku Lilongweko? Kalatayi ndapatsira Comfort wa lole ya fodya, poti foni kuno imagwira ukakwera pachulu, ndipo nkhani zangazi si zofuula uli pachulu.

Uwauze abwana ako amene umawayendetsawo, Olemekezeka a Lemani Chikhumbo, kuti kuno tinavina mpaka fumbi kulowa m'makutu. Apambana uphungu, zikomo. Koma asaiwale kuti ine mawu anandithera chifukwa cha iwo. Kampeni yonse ndakhala ndikuyambitsa nyimbo pamisonkhano yawo, amayi anzanga akuvomera, moti mpaka pano ndikulankhula ngati chule.

Pa wailesi tamva kuti chipani cha Mlatho chagwirizana ndi cha Ng'oma, ndipo aphungu a zipani ziwirizo akwanira kale kuyendetsa boma, mpaka kutsalako. Ndiye kuti a Chikhumbo ndi kachipani kawo ka Mtsuko atsala kunja. Alamu ako a Cornelius nkhope yagwa, akuti tataya mavoti. Ine ndakondwa. Sitinkafuna munthu wa mbendera pagalimoto ife, tinkafuna munthu wa pakamwa.

Nkhani ndi yomwe ija ya dambo la Mphasi. Ukudziwa kuti a Nelson, eni esiteti aja, anazika mizati kuzungulira dambo lonse, akuti lili m'malo awo. Dambo limene agogo athu anakumbamo zitsime, limene mudzi wonse umafesamo nazale ya fodya! Waya sanaukoke chifukwa tsiku limene anabwera ndi alendo awo ogula fodya tinakawachingamira panjira. Ine ndinayambitsa: "Waya uyu ngwa yani?" Amayi: "Ngwa Nelisoni!" Ine: "Madzi awa analenga ndani?" Amayi: "Si Nelisoni!" Bamboyo anasowa koyang'ana, ntchito n'kuima pomwepo. Koma mizati ikadali chiimire, ndipo poti ndi iye ankagulira nsalu chipani cha Mlatho, pano akuyenda mimba patsogolo.

A Chikhumbo analonjeza ataimirira pangolo, tonse tikumva, kuti funso lawo loyamba m'Nyumba ya Malamulo likhala la dambo lathu. Uwakumbutse. Ogasiti akamatha tifesa, ndipo waya ukatseka, fodya wa chaka chino tiiwale.

Unditumizire makheni awiri othirira, akale aja akudontha kuposa mmene akuthirira. Usaiwalenso mafuta opaka miyendo a amayi.

Ndine mlongo wako,
Fainala

Lilongwe, 27 Juni

Achemwali,

Kalata yanu ndinalandira. Kuno tonse tili bwino, a Lusiya akupereka moni. Amayi muwauze kuti mafuta ali m'kathumba kameneka, makheni abwera mwezi ukatha.

Tsopano khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga. Abwana alowa m'boma! Anawaitana Lachiwiri, Lachisanu n'kulumbira. Pano ndi Nduna ya Umodzi ndi Zikondwerero za Dziko, ndipo aphungu onse asanu a Mtsuko asamukira mbali ya boma. Ine amene ndikulembayu kagalimoto kokankha kaja ndasiyana nako. Ndikuyendetsa chigalimoto chakuda chokhala ndi mbendera kutsogolo, ndipo apolisi apamsewu amene ankanditha mafunso aja pano akundimenyera sawasha. Andisokeranso suti, a Lusiya akuti ndikuoneka ngati m'busa.

Ndikudziwa kuti munkafuna munthu wofuula. Ndinawauza abwana zimenezo tikuchokera kolumbirako, iwo anaseka. Anati: "Dominic, ukawauze achemwali ako kuti wofuula ali panja amangotha mawu. Ine tsopano ndikhala tebulo limodzi ndi nduna ya zamalo. Nkhani ya dambo ndikangomunong'oneza tikumwa tiyi, yatha." Ineyo ndinaona kuti n'zoona. Zinthu zimakonzeka uli m'kati, achemwali. Zaka zonsezi mwaimba, mizati inazulidwa?

Alamu muwauze adzutse nkhope, mavoti awo sanapite pachabe. Mundiuzeko za nkhumba ija ngati inaswa.

Mlongo wanu,
Dominic

Simlemba, 16 Julayi

Dominic,

Moni. Tilipo. Mafuta anafika, amayi akuti yewo. Nkhumba inaswa ana asanu ndi mmodzi, awiri n'kuwagonera.

Pansi ndinakhaladi, ndipo ndinachita bwino, chifukwa ndikanagwa. Zandinyansa, mlongo wanga. Ndinali nditamva kale pa wailesi koma ndinkati mwina awonjeza, mpaka ndinaona zolembedwa ndi dzanja lako.

Tandiyankha funso limodzi. Iwe unakulira m'chigafa monga ine. Tikamasoka fodya, timaitana aganyu molingana ndi masingano amene tili nawo, chifukwa aliyense wobwera ayenera kudya. Ukaona munthu masingano ali nawo anayi, osoka anayi akhala kale pansi, koma akuitananso wachisanu ndi kumuphera nkhuku, sufunsa kuti akumufuniranji? A Mlatho ndi a Ng'oma anali atakwana. Unduna uliwonse umene apatsa a Chikhumbo aulanda munthu wawo. Ndiye awakonda chani? Nkhope?

Ndiponso unduna wake womwewo, Zikondwerero za Dziko! Ife tinatuma munthu kukafunsa za madzi, iwo ampatsa ntchito yokonza mipando ndi kuitana ovina. Sellah, mnzanga amene amavomera nyimbo moyandikana nane uja, ataimva anangolavula malovu n'kunyamula ndowa yake.

Ukuti mizati sinazulidwe. N'zoona. Koma waya unakokedwa? Chimene chinaugwira ndi pakamwa pathu pomwepa. Ndipo dziwa kuti Loweruka lapitali thirakitala ya a Nelson yatsitsa mikukuta ya waya waminga pafupi ndi chitsime cha amayi. Anyamata otsitsawo ndi matenanti a ku Phalombe aja, osauka anzathu, ankachita kutiyang'ana mwamanyazi. Kaya tiyi wa abwana akoyo amwa liti?

Ndapeka nyimbo ina. Iyi si ya a Nelson, ndi ya munthu amene tinamutuma kumadzi n'kukakhala pa ukwati. Dzina sindinatchule koma aliyense akudziwa.

Makheni aja usaiwale.

Fainala

Simlemba, 3 Ogasiti

Okondedwa alamu a Dominic,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye wathu. Ine ndi banja lonse tili bwino mwa chisomo chake. Ndikhulupirira kuti inunso ntchito ikuyenda bwino pa udindo waukulu umene Mulungu wakukwezaniwo.

Alamu, kalata ino achemwali anu asaidziwe. Ndalemba ndili kuvesitili.

Achemwali anuwa, amake Tithokoze, atipalamulira. Nyimbo imene apekayi yafika mpaka ku Kasungu Boma, akabaza akuimba. Ine monga mkulu wa mpingo ndikusowa poponda. Komanso mudziwa kuti nyengo ya makuponi a feteleza yayandikira, ndipo m'komiti yogawa makuponi ya dera lino mudalowa manijala wa a Nelson. Chaka chatha tidaphonya, ndipo mudaona nokha mmene fodya wathu adalili, masamba ngati a mbatata. Kodi tikaphonyanso tidzadya nyimbo?

Ine sindikuti dambo lipite, ayi. Ndikungoti pali njira zaulemu. Inu amakumverani, poti ndinu amene muli pafupi ndi akuluakulu. Alembereni kuti aleze mtima, apatse mpata anduna agwire ntchito.

Pomaliza, ngati kungatheke, tayala lakumbuyo la njinga yanga latheratu, ndikuchita kumanga ndi mphira. Kumenekoko ndamva kuti n'zotsikirako mtengo.

Ine mlamu wanu,
Cornelius Tsoka

Lilongwe, 21 Ogasiti

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Makheni awiri ndi awa, achitsulo, osati apulasitiki. Tayalalo ndi la alamu, ndangoganiza kuti mwina lawo linatha.

Achemwali, nyimbo yanu yafika kuno. Abwana anaimva kwa munthu wina ndipo anandifunsa ngati woipekayo si mlongo wanga. Ndinachita thukuta ndili pachiwongolero. Mukufuna ana anga adye chani? Munthu sanathe ndi miyezi iwiri yomwe pa udindo, inu mwayamba kale kumuimba. Ndinawakumbutsa za dambo, anati nkhaniyo akuiyang'ana.

Funso lanu la masingano lija yankho lake n'losavuta. Boma likufuna umodzi, kuti zigawo zonse zikhalemo. Zinanenedwa ndi pa wailesi pomwe.

Ndikubwerezanso: kufuula uli panja n'kosavuta, aliyense angathe. Ofuna kukonza zinthu amalowa m'kati n'kukalankhula pamene pakugamulidwa nkhani. Inuyo mutapatsidwa mpata wotero mungakane?

Dominic

Simlemba, 19 Sepitembala

Mlongo wanga,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha makheni. Ndi abwino zedi, amayi anzanga akuchita kubwerekana. Za tayala ndadabwa kuti unalota bwanji, koma ndasiya, alamu ako akayankha okha kumwamba.

Nazale tinafesa ndipo yamera mokondweretsa. Mabedi atatu, onse obiriwira ngati wayala nsalu. Ndikumathirira m'mawa ndi madzulo, ine ndi Tithokoze, ndipo dzuwa la chaka chino silikuseka ndi munthu. Ukangodumphitsa tsiku limodzi mbande zimagona. Waya aukoka mbali zitatu. Mbali ya kumudzi asiya chipata ndi mlonda, koma tikulowa bwinobwino.

Tsopano imva izi. Sabata yatha manijala wa a Nelson anabwera pakhomo pano ndi wapampando wa komiti ya makuponi. Anavula zipewa, Dominic, kuvulira ine! Akuti komitiyo tsopano iziyang'ananso za chitukuko chonse, za dambo zomwe, ndipo akufuna mayi wolimba mtima woimira amayi. Ndinati, kodi si muli kale khumi, amayi atatu alimo? Iwo anati inde, koma mawu a mayi Fainala ndi amene anthu amawamva.

Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Alamu ako sanadye tsiku limenelo, ankangondizungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Sellah anati ndisayerekeze. Koma ine ndinatenga kalata yako ija n'kuiwerenganso, pamene unandifunsa kuti nditapatsidwa mpata ndingakane. Ndinaona kuti mwina ndakhala wouma mutu. Ngati nkhani ya dambo ikagamulidwe m'chipinda, bwanji ine ndikhale kuseri kwa zenera? Ndavomera.

Tinakumana kale kamodzi kusukulu. Anandipatsa mpando weniweni wotsamira, ine amene misonkhano yonse ndimakhala pansi ndi amayi anzanga. Anandipatsanso nsalu ya komiti. Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo tinagwirana manja popemphera polilandira: m'chipinda titsutsane mmene tingathere, koma chimene ambiri agamula, panja timalankhula ndi pakamwa pamodzi. Ndinaona kuti n'zaulemu, ngati za kumpingo.

Nyimbo ya abwana ako ija ndaisiya, ugone tulo. Tamva kuti abwera kuno kumapeto kwa Okutobala kudzakhazikitsa ntchito yogawa makuponi. Ndiye kuti tidzaonana. Udzandipeza pampando, usadzandiseke.

Fainala

Lilongwe, 5 Okutobala

Achemwali,

Moni, koma lero sinditalikitsa moni. Kalata yanu yandipeza dzulo. Tulukani m'komitimo. Bwezani nsaluyo lero lomwe. Zimene ndinakulemberani zija zinali zopusa, ndimangobwereza mawu a abwana ngati wailesi.

Lachitatu ndinanyamula abwana ndi mlembi wamkulu wa chipani cha Mlatho kupita nawo ku Salima. Anthu amenewa dalaivala samuwerengera, amalankhula ngati galimoto ikudziyendetsa yokha. Mlembiyo anali wosangalala. Anati: "Achimwene a Chikhumbo, mwatipulumutsa. Anthu a Ng'oma aja ankatiopseza sabata iliyonse, mukapanda kutipatsa chakuti tituluka, boma ligwa. Pano ndimangowaonetsa chitseko. Atuluke, tili ndi inu." Abwana anaseka nawo. Ine ndinayang'ana pagalasi, n'kuona tayala la sipeya lili phee kumbuyo, loyera bwino, losagunda msewu. Ndiwo abwana angawo.

Sanathere pomwepo. Anati chaka chino makuponi achepa kwambiri, anthu akwiya. "Koma akatukwane ndani? Tonse tilimo. Kwanu ku Kasungu mukalengeza ndinu, ndi pakamwa panu pokoma paja." Ndiye abwana anafunsa, mwamanyazi, za dambo la Mphasi. Mlembiyo anawagwira bondo. Anati: "Nduna sifunsa boma mafunso, achimwene, nduna imayankha. Kodi mukuganiza kuti tinakuitanirani chani? Munkatisokosera."

Achemwali, ndinayembekeza kuti abwana akwiya, mwina andiuza kuti ndiimitse galimoto. Anangofunsa ngati ku hotelako kuli chambo.

Funso lija analilembadi, linali pamndandanda wa mafunso a m'Nyumba ya Malamulo, koma linachotsedwa tsiku limene analumbira. Ndipo kumbali yotsutsa kulibenso phungu wa kwathu woti n'kulitola. Dzulo a Nelson anali kunyumba kwa abwana, anabwera ndi mbuzi, ndipo amene anaitsitsa m'galimoto ndine. Suti ija ikundinyansa, ndikaivala thupi limachita kuyabwa.

Munandifunsa za masingano anayi ndi osoka asanu. Wachisanuyo samuitanira kusoka. Amamuitana kuti anayi aja asanyade, kuti fodya akawola adzakhale nawo pamlandu, ndiponso kuti asaime panja n'kumauza anthu zimene zikuchitika m'chigafamo. Munaziona inu muli kumudzi, ine ndili pano ndikuchita kupukuta mbendera. Komiti ya anthu khumi sinkasowa wa khumi ndi mmodzi. Inkasowa kuti pansi paja pasakhale woyambitsa nyimbo.

Msika wa fodya watsekedwa ndiye Comfort sakuyendanso kawirikawiri, koma walonjeza kuti aipereka sabata ino. Pafoni sindingayerekeze, ndimakhala ndi anthu awo nthawi zonse. Tulukani msonkhano usanafike.

Mlongo wanu wopusa,
Dominic

Lilongwe, 30 Okutobala

Achemwali,

Moni. Tinafika bwino.

Ndinakuonani. Kalata yonse ija ndinakulemberani, inu n'kukhalabe pampando, nsalu ya komiti m'chiuno, botolo la zakumwa m'manja, manijala akuwerenga dzina lanu. Ine ndinapusa chifukwa sindinkadziwa. Inu munkadziwa. Abwana pobwerera anati, "Mlongo wako uja ndi mayi wanzeru."

N'chifukwa chake sindinabwere kudzakupatsani moni. Amayi muwapepesere.

Dominic

Simlemba, 12 Novembala

Dominic mlongo wanga,

Moni. Amayi alipo, akufunsa kuti unawalakwira chani kapena anakulakwira chani kuti ufike pa Simlemba osawaona.

Makalata ako awiri afika limodzi dzana. Lole ya Comfort inafera ku Mchinji mwezi wathunthu, kalata yako yoyamba ili m'thumba la jekete yake. Ndiye ndawerenga yondichenjeza ndi yonditukwana nthawi imodzi. Sindinkadziwa, Dominic. Koma usafulumire kundipepesa, imva kaye.

Kutatsala masiku awiri kuti mubwere, komiti inakumana. Manijala anati zitsime zathu zikuwononga dambo, ndi bwino esiteti itseke chipata, isunge madzi, anthu azipempha. Ndinaimirira. Ndinalankhula mpaka thovu kukamwa, za agogo, za nazale, za ana. Anandimvetsera mwaulemu, wina mpaka anawomba m'manja. Kenako wapampando anati tikweze manja. Khumi mbali imodzi, ine ndekha mbali ina. Anati, "Zikomo mayi Fainala, mwatithandiza maganizo. Mukumbukire pangano lathu." Potuluka aliyense anapatsidwa kuponi yake, ine ya feteleza wa fodya. Ndinaimanga pansonga ya nsalu.

Za tsiku la msonkhano unaona wekha, koma unaonera m'galimoto, magalasi otseka. Abwana ako analengeza kuti makuponi achepa, mudzi wonse asanu ndi awiri, ndipo analankhula mokoma moti anthu anatsala pang'ono kuthokoza. Kenako ananditchula dzina, kuti mayi Fainala ndi chitsanzo cha umodzi. Amayi ena analuluta. Ndiye manijala anaimirira n'kuwerenga kuti komiti yonse, kuphatikizapo mayi Fainala, yagwirizana kuti chipata cha dambo chitsekedwe.

Bwalo lonse linati zii. Amayi onse amene anakhala pansi aja anatembenuka n'kuyang'ana ine. Ukudziwa mmene timaimbira kuno, nyimbo siyamba ndi gulu, amayamba ndi mmodzi, ena n'kuvomera. Zaka zonsezi mmodziyo ndine. Ndinaona Sellah atatsegula kale pakamwa, mawu oti "Ngwa Nelisoni" ali pamilomo, akungodikira kuti ndifunse kuti waya ngwa yani.

Palibe anandigwira, Dominic. Palibe anandiopseza. Mpolisi anali kutali, akudya nzimbe. Ndinangoona kuti ndakhala pakati pa abusa ndi anduna, anduna angonditamanda kumene, m'manja muli botolo, pansonga ya nsalu pali kuponi, ndipo ndinagwirana nawo manja popemphera. Ndinachita manyazi kuimirira. Manyazi! Ine amene ndinaimba pamaso pa alendo a a Nelson, mapazi ali mbuu. Ndinayang'ana pansi n'kumwa chakumwa chija.

Sellah anayesa kuyambitsa yekha. Koma iye ndi wovomera, anaiyambira pamwamba kwambiri, mawu n'kumuthyokera pakhosi. Anyamata ena anaseka. Zinathera pomwepo, abusa n'kutseka ndi pemphero.

Ndiye ukanena kuti ndinkadziwa, walakwa, koma pang'ono pokha. Masingano aja ndinawerenga ndine, pa abwana ako. Atafika pakhomo panga atavula zipewa, sindinawerengenso.

Chipata anakhoma m'mawa mwake. Tinapita kukapempha monga ananenera, mlonda anati manijala ali ku Kasungu. Tinayesa kutunga kumjigo wa kusukulu, koma ndi kutali, pamzere pali mudzi wonse, ndipo mabediwo ali m'kati mwa waya. Tithokoze anayesa kuthira madzi podutsitsa kheni pamwamba, minga inamung'amba mkono. Tsiku lachinayi mbande zinagona, lachisanu ndi chimodzi zinapsa. Ndinkaziona ndili kunja kwa waya. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti tiwokere. Nazale ya esiteti ili pafupi pomwepo, yobiriwira, matenanti akuthirira ndi madzi a m'chitsime cha amayi.

Feteleza tinakagula. Matumba awiri ali kuchipinda, alamu ako amawaphimba ndi bulangete ngati odwala. Fodya woti tithire tilibe. Iwo akuti tigule mbande ku esiteti, akugulitsa. Ndawauza kuti akatero adzawokere okha.

Nsalu ya komiti ndinabweza, anailandira mosekerera, sanandinyengerere n'komwe. Ntchito yanga inali itatha. Kuchigayo amayi akandiona amasiya nkhani. Makheni ako aja ndawapachika m'chigafa, ndi abwino, sadontha.

Sellah sakundilankhula, koma ndikumamumva madzulo kuseri kwa nyumba yake akuyeserera kuyambitsa nyimbo. Wayamba kuipeza, mawu akukhazikika, ndipo amayi angapo ayamba kumuvomera. Lero m'mawa Tithokoze wabwera kudzandiuza kuti waona manijala ndi wapampando akulowa pakhomo pa Sellah, zipewa zili m'manja. Akuti mpando wanga uja uli wopanda munthu.

Ndikusiyira pomwepa, ndikupita komweko ndi kalata yako yondichenjeza ija kuti ndikamuwerengere. Kaya akanditsegulira.

Mlongo wako,
Fainala